Ntchito ya Hayao Miyazaki pa tebulo lojambulira

Mphatso: Moni nonse pagulu pano. Tinagwirizana kuti sabata ino ndi ya Hayao Miyazaki, wojambula ndi wotsogolera mafilimu a makatuni wa ku Japan, ndiye ndiyambepo. Mkuluyu anabadwa pa 5 January 1941 ku Tokyo, ndipo filimu yake yaposachedwa, The Boy and the Heron, inatuluka ku Japan pa 14 July 2023 iye ali ndi zaka 82. Inatenga Oscar mu 2024, yachiwiri pambuyo pa ija ya Spirited Away ya mu 2003. Za mphotozi tisatayirepo nthawi. Funso langa ndi ili: nchifukwa chiyani mwana akamathamanga mufilimu ya Miyazaki umachita kumva kulemera kwa thupi lake, pomwe m'makatuni ambiri a pa TV anthu amangotsetsereka, mapazi osagwira pansi?

Anaphiri: Yankho lili komwe anayambira, achimwene. Miyazaki sanaphunzire zojambula ku yunivesite. Ku Gakushuin anachita za ndale ndi zachuma. Mu 1963 analowa ntchito ku Toei Doga, kampani yopanga makatuni, pa udindo wapansi kwambiri, wa douga. Kwa amene sakudziwa, ku Japan ntchitoyi amaigawa chonchi. Wojambula wamkulu amajambula genga, zithunzi zokhazo zomwe zikunyamula kayendedwe: phazi lanyamuka, phazi latera, bondo lapinda. Akatero amalemba pa timesheet, pepala la ndondomeko ya zithunzi ndi nthawi yake, kuti pakati pa chithunzi ichi ndi icho palowe zina zingati, nkujambula kamzere kokhala ndi timizere todula kusonyeza kuti zitalikirane bwanji. Wa douga amatenga mapepalawo, amawakoleka pa kachitsulo ka mano atatu kuti asasunthe, amayatsa getsi kunsi kwa galasi, nkujambula zapakatizo ndi mzere umodzi wosalala. Amene wadutsa mapepala masauzande otere, dzanja lake limadziwa lokha kuti zithunzi zikathinana chinthu chimayenda pang'onopang'ono, zikatalikirana chimathamanga. Kulemera mukunenako kumabadwira pamenepo.

Che Jafali: Ndiikepo masamu ake. Filimu imayenda mafulemu 24 pa sekondi, kutanthauza kuti sikirini imaonetsa chithunzi ka 24 pa sekondi iliyonse. Ukajambula chatsopano pa fulemu iliyonse, ndi zithunzi 24 pa sekondi. Chimodzi chikakhala mafulemu awiri, ndi 12. Chikakhala atatu, ndi 8. Makatuni a pa TV ku Japan amakonda 8, ndipo nthawi zambiri thupi lonse limaima, nkumayenda pakamwa pokha ndi zithunzi zitatu: potseka, potsegula pang'ono, potsegula kwambiri. Ambiri amaganiza kuti Miyazaki amajambula 24 paliponse. Ayi ndithu. Nayenso amagwiritsa ntchito 8 ndi 12 kwambiri, kungoti amadziwa poti asinthe.

Kutsetsereka kwa mapazi kuja kuli ndi chifukwa chake chomveka. Tinene kuti munthu akuyenda pamalo amodzi ndipo chomwe chikusuntha ndi chithunzi cha kumbuyo. Ngati phazi lomwe laponda pansi likubwerera mmbuyo mamilimita 24 m'mafulemu 12, ndiye kuti nthakayo iyeneranso kusuntha mamilimita 2 pa fulemu iliyonse. Ukaisuntha 3, munthuyo aoneka ngati akukokedwa. Vuto lachiwiri: nthaka ikusuntha pa fulemu iliyonse koma munthu akusintha pakadutsa mafulemu atatu, ndiye phazi limanjenjemera pa nthaka. Mankhwala ake nkuwonjezera zithunzi pamalo amenewo, ndipo ndalama zimathera pomwepo.

Tiyamike: Zikomo akuluakulu, ine ndikuphunzira kumene. Nanga ndi zoona zoti amayamba kupanga filimu asanadziwe mathero ake?

Bambo Gondwe: Ndi zoona, mwanawe. Miyazaki salemba nkhani yonse m'mawu kaye monga amachitira ena. Amayamba ndi tizithunzi ta pensulo ndi utoto wamadzi, tomwe amatikhoma pakhoma. Kenako amajambula ekonte: pepala lokhala ndi timabokosi motsetsereka, m'bokosi muli chithunzi, pambali pake walemba zomwe zikuchitika, mawu oyankhulidwa, ndi kutalika kwa kagawoko m'masekondi ndi mafulemu. Akalemba 3+12 ndiye kuti masekondi atatu ndi theka. Ekonte amaigawa m'zigawo, A, B, C, kumapita. Akamaliza zigawo zoyamba, ojambula amayambapo pomwe iye akulimbana ndi zotsatira.

Ubwino wake, nkhani imakula ngati chinthu chamoyo. Kuipa kwake, ukazindikira pakati panjira kuti nkhani yatalika, sungabwerere chifukwa zoyambazo zajambulidwa kale ndipo ndalama zapita. Zinachitika pa Spirited Away. Ataona kuti nkhani yomwe anali nayo m'mutu ipitirira maola atatu, anaidula, natenga mzimu wotchedwa No-Face, yemwe poyamba anangoima pa mlatho paja, nkumusandutsa msana wa theka lachiwiri. Filimu inatha mphindi 125.

Kondwani: Pamenepo zinamuyendera. Koma tisamunamize mwanayu, njira imeneyi imalumanso. Onerani mphindi zomaliza za Howl's Moving Castle ya mu 2004. Nkhondo yomwe yazunza anthu filimu yonse ikutha ndi mawu ochepa chabe, chiopsezo cha mbalame chija chasanduka kalonga, basi aliyense kwawo. Munthu akanakhala ndi nkhani yolembedwa kale sakanamaliza choncho.

Bambo Gondwe: Sindikutsutsani, a Kondwani. Howl inali yoti atsogolere Mamoru Hosoda, iye atachoka ndi pomwe Miyazaki anaitenga. Koma mathero othamangawo ndi akeake.

Nachisale: Mwadumpha gawo lomwe kwa ine ndi lofunika kuposa onse, layout. Pakati pa ekonte ndi genga pali pepala limodzi lomwe limalamula zonse: kamera yaima pati, munthu ndi wamtali bwanji poyerekeza ndi chitseko, kuwala kukuchokera mbali iti, nchiyani chipite kwa opaka utoto wa kumbuyo ndipo nchiyani chiyende. Pa Heidi ya mu 1974, yomwe anatsogolera Isao Takahata, Miyazaki ndiye ankajambula layout ya magawo onse 52, gawo limodzi sabata iliyonse chaka chathunthu. Asanayambe anapita ku Switzerland kukaona mapiri ndi nyumba zenizeni. Nchifukwa chake m'mafilimu ake ukhoza kujambula mapu a nyumba ukangoonera. Mu My Neighbor Totoro umadziwa komwe kuli khitchini, bafa, masitepe opita kudenga ndi chitsime. Layout ikalakwika, wojambula munthu ndi wojambula chipinda amakhala ndi maso osiyana, ndipo zikakumana munthu amaoneka ngati waponda m'mwamba kapena wamira m'simenti.

Ndipo tisaiwale omwe anamuumba. Takahata anali mnzake ku bungwe la ogwira ntchito ku Toei, ndipo Yasuo Otsuka ndiye anali mphunzitsi wa kayendedwe. Atatuwa anagwirira limodzi Horus, Prince of the Sun ya mu 1968, yomwe inachedwa kwambiri kutha ndipo sinapange ndalama. Miyazaki anachoka ku Toei mu 1971. Kagalimoto kaja ka Fiat 500 kokwera khoma la phiri mu The Castle of Cagliostro ya mu 1979 kanalowamo chifukwa Otsuka anali ndi galimoto yotero.

Mphatso: Mayi Nachisale mwatibweza pabwino. Tsopano tifike pomwe Miyazaki amasiyana ndi anzake ambiri. Kawirikawiri wotsogolera filimu amaona genga, akakhutira amapereka kwa sakkan, amene ntchito yake nkukonza nkhope ndi matupi kuti munthu asasinthe maonekedwe kuchoka kwa wojambula uyu kupita kwa uyo. Sakkan safufuta za mnzake. Amasanjika pepala lopyapyala lachikasu pamwamba nkujambulapo zokonzazo. Miyazaki amachita kukhala pansi nkutembenuza genga yekha, akaona kuti kayendedwe sikali bwino amajambulanso ndi kusintha timesheet. Pa Princess Mononoke ya mu 1997 panali zithunzi pafupifupi 144,000, ndipo zimanenedwa kuti pafupifupi 80,000 zinadutsa pa pensulo yake.

Che Jafali: Gawani muone. Mphindi 134 ndi masekondi 8,040. Zithunzi 144,000 pa masekondi amenewo zikubwera pafupifupi 18 pa sekondi. Ponyo ya mu 2008 ndi mphindi 101, masekondi 6,060, zithunzi pafupifupi 170,000, zomwe zikupereka 28 pa sekondi. Wina afunsa kuti zikuposa bwanji 24. Nchifukwa choti fulemu imodzi imakhala ndi zithunzi zingapo zosanjikizana: mwana pepala lake, funde pepala lake, nsomba mapepala awo.

Tiyamike: Nanga zinthu zomwe ojambulawo sanazionepo amazijambula bwanji? Monga chinjoka chija cha mu Spirited Away.

Anaphiri: Amawatuma kukaona chinthu chamoyo chofanana nacho. Pamalo pomwe Chihiro, mtsikana wa mufilimuyo, akukanula kukamwa kwa Haku, chinjokacho, kuti amumwetse mankhwala, Miyazaki anawauza kuti zili ngati kukanula kukamwa kwa galu. Zinapezeka kuti achinyamatawo sanawetepo galu. Anatenga kamera kupita ku chipatala cha ziweto kukajambula mmene usinini ndi mano zimaonekera munthu akakoka mlomo wa galu. Njinga ija yomwe akuizula m'thupi mwa mzimu wonunkha inachokeranso ku zenizeni: Miyazaki anathandizapo kuyeretsa mtsinje wa kufupi ndi kwawo ndipo anazulamo njinga.

Mphwanga, ukafuna kuphunzira, yang'ana tinthu tating'ono. Chihiro akavala nsapato amagogoda chala pansi kuti phazi lilowe bwino. Potsika masitepe akunja aja amayamba chokhala, phazi limodzi kufufuza thabwa, kenako thabwa lathyoka, wathamanga osafuna mpaka kukadziwomba kukhoma. Palibe mwa zimenezi chomwe chikupititsa nkhani patsogolo, ndipo wowerengera ndalama akanazichotsa. Koma ndi zomwe zimakuuza kuti mwanayu ndi wamantha ndipo miyendo yake njowonda.

Nachisale: Tikambeko za utoto, poti mpaka pa Mononoke ntchito yambiri inali ya cel, pepala la pulasitiki loonekera lomwe ankapakapo zithunzi zoyenda. Mizere ya pensulo yakuda ankaisamutsira pa cel ndi makina. Mizere ya pensulo zamitundu, yosonyeza malire a mthunzi ndi powala, makina sankaitenga, ndiye ankaitsata pamanja ndi utoto. Kupaka kunkachitika kuseri kwa cel kuti mzere wakutsogolo usakwiririke. Mavuto ake anali atatu. Utoto ukapyapyala, kuwala kumadutsa ndipo mtundu umaphethira pa sikirini. Fumbi likagwera pakati pa ma cel limajambulidwa limodzi. Ndipo cel aliyense amadetsa pang'ono zomwe zili pansi pake, choncho mkono ukakhala pa cel wapamwamba, thupi pa wapansi, khungu limasiyana mtundu pokhapokha utasakaniza utoto wina wolipirira kusiyanako. Amene ankasankha mitundu yonseyi ndi mayi Michiyo Yasuda, yemwe anagwira ntchito ndi Miyazaki kuyambira ku Toei mpaka The Wind Rises. Anamwalira mu 2016.

Zakumbuyo ndi nkhani ina. Kazuo Oga, mwini nkhalango ya Totoro, amagwiritsa ntchito poster colour wamba wa m'mabotolo. Amanyowetsa pepala mbali zonse, kuliyala pa thabwa, nkupaka thambo, mitambo ndi mapiri akutali pepala lisanaume kuti mitundu ilowerane yokha. Likauma ndi pomwe amaika masamba, udzu ndi timiyala. Ukachedwa, pepala limauma pakati pa ntchito ndipo thambo limatuluka mizeremizere ya burashi. Pa Mononoke oyang'anira zakumbuyo analipo asanu, ndipo gulu linapita ku chilumba cha Yakushima kukaona nkhalango ya mitengo yakale.

Bambo Gondwe: Pa zaluso la manja, palibe chimandisangalatsa ngati Ohmu, zilombo zikuluzikulu za mu Nausicaä ya mu 1984. Thupi lake lili ndi zigamba zambiri zopakidwa utoto mwatsatanetsatane ngati chithunzi cha kumbuyo, ndiye kulijambula mobwereza sikukanatheka. Anadula chigamba chilichonse pachokha, nkuzilumikiza ndi mphira. Ukakoka mbali imodzi, zigamba zonse zimatalikirana mofanana, ukabweza zimathinana, ndipo chilombo chimaoneka chikukwawa. Mufilimu yomweyo, chimphona chosungunuka chija anachijambula ndi Hideaki Anno ali mnyamata. Studio Ghibli, situdiyo ya Miyazaki, inali isanabadwe. Nausicaä inapangidwira ku Topcraft, ndipo Ghibli Miyazaki anaikhazikitsa mu 1985 ndi Takahata ndi Toshio Suzuki, ndalama zikuchokera ku kampani yosindikiza mabuku ya Tokuma Shoten. Joe Hisaishi anayambanso pa Nausicaä pomwepo kupeka nyimbo za m'mafilimu a Miyazaki, ndipo sanasiyane mpaka lero.

Kondwani: Ena amafalitsa zoti Miyazaki sakhudza kompyuta. Si zoona. Mononoke ili ndi mphindi zingapo za kompyuta, mwachitsanzo zina mwa mphutsi zija zozinga mkono wa Ashitaka, mnyamata wa mufilimuyo. Filimu ya Takahata ya mu 1999, My Neighbors the Yamadas, ndiyo inayamba kupakidwa yonse pa kompyuta, ndipo kuyambira Spirited Away ma cel anatha. Chomwe chinatsala ndi pensulo ndi pepala. Amajambula pamanja, kuika mu sikana, kupaka utoto ndi kusanjikiza pa kompyuta.

Che Jafali: Ndipo pulogalamu yomwe ankagwiritsa ntchito, Toonz, inatulutsidwa yaulere mu 2016 pa dzina la OpenToonz. Tiyamike, ukhoza kuitsitsa. Koma dziwiratu izi. Mzere uliwonse uzitsekeka. Ukasiya kampata ngakhale kochepetsetsa pakati pa tsitsi ndi khosi, utoto umathawira panja ngati madzi a m'ngalande yobooka kudimba, nkudzaza chithunzi chonse. Mapepala onse uwaboole mofanana ndipo pa sikana uwaike pa kachitsulo komweko, apo ayi chithunzi chidzagwedezeka. Pensulo ikhale yakuda mokwanira, chifukwa mzere wotuwa kompyuta imaudula m'timadontho. Ndipo usanapake utoto, yesa kaye mizere yokhayo kuti uone ngati ikuyenda bwino. Kukonza pambuyo popaka ndi ntchito yowirikiza.

Mphatso: Tisachoke osakamba The Wind Rises ya mu 2013. Pamalo a chivomezi cha ku Kanto cha mu 1923 pali kagawo ka khamu la anthu kotalika masekondi 4 okha, komwe Eiji Yamamori anakajambula chaka chimodzi ndi miyezi itatu. Masekondi 4 ndi mafulemu 96. Chovuta nchakuti aliyense m'khamumo ali ndi ulendo wakewake: wina wasenza katundu, wina akukoka ngolo, wina wadutsa kumbuyo kwa mnzake. Munthu akabisika kuseri kwa wina, uyenera kudziwa pomwe ali pa fulemu iliyonse kuti akatulukire pamalo oyenera. Ukaphonya mmodzi, diso la woonera limamugwira.

Phokoso lakenso ndi lachilendo. Kulira kwa injini za ndege ndi kubangula kwa nthaka anazipanga ndi pakamwa pa anthu, ndipo filimu yonse inatuluka ndi mawu a mono, ochokera mbali imodzi yokha. Amene anayankhula m'malo mwa Jiro Horikoshi, mwini nkhani mufilimuyi, ndi Anno uja, yemwe si katswiri wa zisudzo nkomwe.

Kondwani: Filimu imeneyo imandivuta. Horikoshi ndi amene anakonza ndege yankhondo ya Zero, ndipo bambo ake a Miyazaki ankayendetsa fakitale ya banja, Miyazaki Airplane, yomwe inkapanga zipangizo za ndege yomweyo. Munthu yemwe anakana kupita ku Oscar mu 2003 chifukwa cha nkhondo ya ku Iraq, nkudzapanga filimu yokongoletsa wopanga Zero. Anthu omwe ndegezo zinawagwetsera mabomba sakuoneka.

Anaphiri: Madandaulo amenewo anamveka ngakhale nthawi yomwe inatuluka, makamaka ku South Korea, pomwe ena ku Japan komweko ankamunena kuti sakonda dziko lake. Ine ndimaiona ngati filimu ya munthu wodzizenga mlandu yekha: wokonda ntchito yake mpaka mkazi wake akudwala chifuwa chachikulu iye ali pa tebulo, dzanja limodzi wagwira mkazi, lina likuwerengera. Mayi ake a Miyazaki anadwala TB ya msana zaka zambiri iye ali mwana, ndipo mayi wa mu Totoro naye ali kuchipatala.

Bambo Gondwe: Apa mwafika pa mtengo wa njira yakeyi. Zonse zikamadutsa pa tebulo la munthu mmodzi, situdiyo imayenda pa liwiro la dzanja lake, ndipo olowa m'malo sakula. Chabwino anachita nchakuti Kiki's Delivery Service ya mu 1989 itapanga ndalama, anakakamira kuti ojambula alembedwe ntchito yokhazikika ya malipiro a pamwezi, m'malo molipidwa pa pepala lililonse monga zimakhalira m'masitudiyo ambiri. Koma malipiro a pamwezi amafuna kuti filimu iliyonse igulidwe kwambiri. Yoshifumi Kondo, amene anatsogolera Whisper of the Heart mu 1995 ndipo ambiri ankamuona ngati wolowa m'malo, anamwalira mu January 1998 ali ndi zaka 47. Miyazaki atalengeza zopuma mu September 2013, Ghibli inaimitsa gawo lopanga mafilimu chaka chotsatira, ndipo Hiromasa Yonebayashi ndi Yoshiaki Nishimura, omwe ankagwira ntchito ku Ghibli, anapita kukayamba Studio Ponoc mu 2015. Takahata anamwalira mu April 2018. Mu 2023 Nippon TV inatenga magawo 42.3 pa 100 a Ghibli, ndipo nkhani ya wolowa m'malo inatchulidwa poyera ngati chifukwa.

Nachisale: Nchifukwa chake The Boy and the Heron inapangidwa mosiyana. Ukalamba unakakamiza Miyazaki kusiyira wojambula Takeshi Honda mbali yaikulu yokonza zithunzi, iye nkulimbikira ekonte. Suzuki ananena mu 2020 kuti ojambula 60 ankamaliza mphindi imodzi pa mwezi. Mukaonetsetsa, manja a ojambula ena akuoneka momasuka kuposa kale. Moto wa poyambirira paja, pomwe nkhope za anthu zikupindika ndi kusungunuka, ndi dzanja la Shinya Ohira, ndipo analisiya momwemo. Ku Japan inatuluka popanda trailer, kavidiyo kotsatsira filimu, chithunzi chotsatsira chimodzi chokha basi.

Tiyamike: Ndiyambire iti? Ndipo ana angaonere zonse?

Kondwani: Zonse ayi. Totoro, Kiki ndi Ponyo ndi za aliyense. Mononoke ili ndi mikono ndi mitu yoduka ndi mivi, si ya ana aang'ono. Spirited Away imaopsa ena pomwe makolo asanduka nkhumba. Kuyambira 2020 Netflix ili ndi mafilimu ambiri a Ghibli m'maiko a kunja kwa Japan ndi United States, kuphatikizapo kuno ku Africa. Ukakumana ndi yotchedwa Warriors of the Wind, ithawe. Ndi Nausicaä yomwe ku America anaidula mphindi zoposa 20 mu 1985 nkusintha maina, ndipo ndiyo inachititsa Ghibli kukhwimitsa lamulo loti filimu zawo zisamadulidwe.

Che Jafali: Poti ukufuna kuphunzira osati kungoonera, tenga kagawo ka masekondi awiri, monga kamtsikana Mei akuthamangitsa ka Totoro kakang'ono pa udzu. Pa VLC, pulogalamu yoonera mavidiyo pa kompyuta, imitsa filimu nkumadina E, imapita fulemu imodzi imodzi. Pa YouTube pa kompyuta ndi batani la mpumiro ndi la mpatuliro. Lemba manambala 1 mpaka 48 papepala, ndipo paliponse pomwe chithunzi chasintha ikapo chizindikiro. Uona pomwe ali pa mafulemu atatu ndi pomwe watsikira pa awiri. Kenako jambula mutu wokha ngati kabwalo pa chithunzi chilichonse, uone mmene ukutsikira phazi likangotera ndi kukwera thupi likanyamuka. Chenjera ndi mavidiyo omwe anthu awasintha kukhala mafulemu 60 pa sekondi. Kompyuta imakhala yaikamo zithunzi zake zapakati, ndiye kuwerenga kwako konse kudzalakwika.